Tsiku limene ndinagwira chowotcherera cha a Miti

Amene anayamba kundiuza anali Mayi Jere, mnzanga wa kuchigwirizano, amene nyumba zathu zinayang'anizana kuno ku Madzimoyo. Anandipeza kudimba ndikuthirira repu, akubwera chothamanga, foni ataikweza m'mwamba. Yanga inali itazima poti magetsi anali atapita kuyambira dzulo lake, ndiye mwana wanga Enelesi wa ku Lusaka anaimbira iwo.

"Amake Enelesi, tulani ndowayo! Mwana akuti malo apezeka. Lachinayi m'mawa mukakhale muli pakhomo pa dokotala."

Ndinagwada pomwepo m'matope n'kuthokoza Mulungu.

Amuna anga, a Miti, akhala akukonza mawailesi, matochi ndi ma TV pamsika ku Chipata kuyambira tisanakwatirane. Dzinja lapitali anagwa ali pa benchi yawo. Sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka, mawu onse anathawa, kunangotsala liwu limodzi lokha: "Chabwino." Akafuna madzi, chabwino. Akamva ululu, chabwino. Akakwiya nane poti sindikumva chimene akufuna, amamenya pampando ndi dzanja lamanzere, misozi ili lengelenge, n'kumati chabwino, chabwino. Munthu amene ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi!

Enelesi anali atayendera nthawi yaitali kuti atate ake akaonedwe ndi dokotala wa matenda amenewa kuchipatala chachikulu. Madzulo ake anandichenjeza pa foni ya Mayi Jere: "Amama, mukaphonya tsikuli dzina libwerera kumapeto. Mwina mpaka chaka chamawa."

Basi yaikulu sitikanaitha, masitepe ake ndi aatali ndipo siidikira wodwala. Mwamwayi a Daka, amene timapemphera nawo, amayendetsa minibasi, ndipo Lachitatu ankapita ku Lusaka ndi anthu. Anati atisungira mpando wa kumbuyo kwa dalaivala, pafupi ndi chitseko.

M'mawa wa ulendo tinayambana ndi a Miti. Ali ndi kachikwama kachikopa ka zida zawo, kamene chigwere sakalola kuchoka pafupi. Ine ndinali nditakabisa kuseri kwa kabati poti katundu anali wochuluka kale: bulangeti, mankhwala, ufa ndi nsinjiro za Enelesi. Titawanyamula ndi Mayi Jere kufika pakhomo anagwira mphuthu ya chitseko ndi dzanja lamanzere, osasiya. A Daka akuliza hutala kumsewu, ine thukuta, iwo chabwino, chabwino. Ndinakatenga kachikwamako n'kuwaponyera pamiyendo.

"Kaya mukakonza wailesi ya dokotala!" ndinatero. Mulungu andikhululukire pakamwa panga.

Tinadutsa Mtenguleni kukali kachisisira. Ku Katete tinaima nthawi yaitali, a Daka akusaka anthu oti adzaze mipando. Anakwera mayi wa dengu la nkhuku, atsikana a sukulu ya unamwino, ndi bambo wina wamimba yaikulu, wogulitsa mankhwala a mbewu, dzina lake a Mulenga. Atangokhala pansi anayang'ana uku ndi uku.

"Nonse muno ndinu akum'mawa? Mayo! Ndakwera motoka ya odya mbewa."

Anali Mbemba, ndipo mukudziwa chimbuya chathu ndi anthu amenewa, chibale cha nthabwala chija: pamaliro timakumbirana manda, koma sitisiyana osanyozana, iwo za mbewa, ife za anyani. Mayi wa nkhuku anawayankha msanga: "Khalani bwino ambuya, ku Luangwa kuli anyani ambiri, ndiwo zanu zilipo."

Titangopitirira Sinda, injini inangoti zii, ngati wina waitseka pakamwa. A Daka anakankhira galimoto pambali n'kutukula mpando wakutsogolo, poti injini ya minibasi imakhala pansi pake. Ife tinali pomwepo, zonse tikuziona. Anati ndi kawaya kamene kamatsegula njira ya dizilo, kakachoka galimoto imazima. Anakasenda ndi mano, kukapota, kukamanga ndi kachidutswa ka pulasitiki ya shuga, tinanyamuka.

"Mbewa zanu zija zayamba kubwezera," anatero a Mulenga. "Zikudya mawaya."

Onse anaseka, koma a Miti anali atatong'olera maso pa pulasitikiyo, akupukusa mutu.

Kawayako kanachokanso tisanafike pamphambano ya ku Petauke, kenanso polowa m'Nyimba. Nthawi iliyonse a Daka ankadula pang'ono n'kupotanso, kawaya kakufupikirafupikira. Ku Nyimba anthu anatsika kukagula nthochi, ine ndinatsala ndi vuto limene ndinkaliopa chichokere kunyumba: a Miti ankafuna kukataya madzi, ndipo ndekha sindikanatha kuwatsitsa. Ndinachita manyazi kupempha. A Mulenga anaona.

"Tiyeni ambuya, kolekani dzanja apa. Koma musandifere m'manja, mwamva? Mukafa wokumba manda ndine, ndipo dzuwa ili sindikumba."

Ndinaopa kuti akhumudwa. Chigwere a Miti, aliyense amawalankhula monong'ona ngati ali pamaliro. Koma ndinamva kuti khi, khi, khi. A Miti ankaseka, ndi mbali imodzi ya pakamwa, mpaka dovu kutuluka.

Kuchokera ku Kacholola msewu unayamba kupotoloka m'mapiri, kutentha kukukulirakulira. Unali mwezi wa Okutobala, mitengo ilibe tsamba ndi limodzi lomwe. Pa mlatho wa Luangwa sitinakhalitse, a Daka anati tachedwa kale. Tinawoloka, tinayamba kukwera, ndipo pa chitunda china chachitali, pokhota, injini inazimanso. Dzuwa linali pamutu.

Ulendo uno a Daka anakhala nthawi yaitali ataweramira mu injini. Podzuka nkhope inali itagwa.

"Kadukira patsinde penipeni. Katsala kachitsa ngati kambewu ka mpunga. Palibe pomanga."

Anayesabe. Anakanikiza waya ndi kamtengo, unagwa. Anamata ndi tepi, kutentha kunasungunula ulimbo wake. Mafoni onse analibe netiweki. A Daka anakwera phiri kukaifuna, tinkangowaona akucheperachepera pakati pa miyala. Atabwera, malaya ali chonyowa, anati apeza makaniko wawo wa ku Lusaka, koma wati angafike mawa masana.

Mawa masana! Dokotala anali wa mawa m'mawa.

Anthu anayamba kudzionera njira. Mabasi aakulu ankadutsa odzaza, osaima n'komwe pokhota paja. Malole ndiwo ankaima, ndipo a Daka ankawapempherera anthu awo malo. Atsikana aja anakwera pamwamba pa matumba a chimanga. Mayi wa nkhuku anakwera lole ya thonje, nkhuku imodzi itafa kale ndi kutentha. Dalaivala wina wachifundo anati ife atitenga kutsogolo, koma titayang'ana pokwerera pake, pamwamba kuposa mutu wanga, tinadziwa kuti sizitheka. Tinayesa ndithu. A Daka ndi a Mulenga anawakweza mpaka pakati, mwendo wakufa uja unakola pachitsulo, a Miti anakuwa chabwino mwa ululu, tinawabwezera pampando wawo. Loleyo inapita.

Tinatsala anayi. Ndinauza a Mulenga kuti asadzivute, akwere ina.

"Ndisiye akum'mawa okha m'phiri? Mungamalize mbewa zonse za boma."

Abale anga, sindinaonepo malo otsekeka ngati amene aja. Kumanja phiri, kumanzere phompho. M'galimoto munali ngati mu uvuni, koma kunja kunalibe mthunzi woti n'kugonekapo wodwala. Tintchentche tating'ono tinkalowa m'maso ndi m'mphuno, ndipo a Miti sankatha kudziingira mbali yakufayo. Madzi anatsala pang'ono pansi pa botolo. Ndinanyowetsa nsonga ya chitenje n'kumawapukuta kumaso. Ndinapemphera, koma pemphero lake silinali lokongola. Ndinati, Ambuye, ngati simunafune kuti tipite, bwenzi mutatisiya kunyumba. Mwatitulutsiranji kudzatiunjika pano?

Ndili chiweramire, a Miti anandigunda ndi chigongono. Ndinawapatsa madzi, anakana. Ndinatulutsa mankhwala, anakankha. Ndinafunsa ngati akufuna kutsikanso, anamenya pampando. Kenaka anagwira kachikwama kaja n'kukakhuthulira pansi.

Munatuluka timasikuludiraiva, tupa, kampeni, kachitini ka polishi momwe amasungamo utomoni, ndi kachidutswa ka mtovu wowotcherera kosapitirira chala changa. Munatulukanso zowotcherera ziwiri: chamagetsi, ndi china chakale, cha mutu wamkuwa ndi chigwiriro chamtengo. Chakalecho anachifukula magetsi atayamba kuvutavuta, poti chimangofuna makala.

A Daka anachitola. "A Miti, mukutanthauza kuti tiwotcherere?"

"Chabwino!"

Kwa nthawi yoyamba liwulo linagwera pamalo pake.

Kumunsi kwa chitunda tinali titadutsa mayi wina wogulitsa makala m'mbali mwa msewu. A Mulenga anatsetsereka ndi mimba yawo, ndipo patapita nthawi anatulukira atanyamula mbaula yoyaka, akuwefuka. A Daka anaika mutu wamkuwa uja pamoto mpaka unafiira, anathamanga nawo ku injini, n'kugunditsa mtovu pansonga. Mtovu unasungunuka, koma sunagwire. Unangochita timipira n'kugubuduka, ngati madontho a madzi pa chiwaya chamoto. Nsonga inali yakuda bii. Anayesanso, ulendo uno anadonthezera pa waya penipeni. Panakhala kachibuluma kotuwa, anati tathana nazo, koma atangokhudza ndi chala kanagwera pansi pa injini. Mtovu unatsala theka.

"Ine ntchito yanga ndi chiwongolero," anatero a Daka. "Ndikayesanso ndiumaliza."

A Miti anali atafiira maso. Milomo inkagwedera, mitsempha ya pakhosi itatupa, mawu ali m'kati koma khomo lotseka. Anamenya pampando, anamenyanso, kenaka anatsamira n'kutsinzina. Ndinati atopa, agonja. Ndipo ndinamva akung'ung'udza.

Poyamba linali liwu chabe la m'mphuno. Kenaka pakamwa panatseguka, ndipo munatuluka mawu. Mawu enieni, abale anga, olemera ngati a munthu wodzuka kutulo, koma mawu.

"Pala nsonga iwale..."

A Daka anandiyang'ana. "Akuti chiyani?"

Ine nyimboyo ndinkaidziwa. Si ya m'buku ayi, anaipeka okha a Miti kalekale pophunzitsa anthu ntchito, maimbidwe ake ngati ya m'tchalitchi. Loweruka akamagwira ntchito pakhonde ankaiimba, ine ndikuchapa kuseri. Ndinaimbirapo ngakhale Enelesi ali kumsana kuti agone. Koma zaka zonsezo sindinaganizepo kuti mawu ake akunena chiyani. Kwa ine inali nyimbo ya atate a Enelesi basi.

Ndinawalandira, tinaimba limodzi:

"Pala nsonga iwale,
Imwetse utomoni,
Iveke mtovu isanade.
Tenthetsa waya, mtovu udza wokha.
Usauzire, usagwedeze."

Titamaliza anatambasula dzanja lamanzere, analanda chowotcherera kwa a Daka, n'kuchiika m'manja mwanga.

Chikwatiwire sindinagwirepo chida chawo. Ngakhale posesa pakhonde ndinkazungulira tebulo lawo. Ndinati, "Atate a Enelesi, ine?" Iwo anangoyambiranso mzere woyamba.

Ndinakhala pansi pa chitseko cha minibasi, ndinapana mutu wamkuwa pamwala, n'kuyamba kupala ndi tupa. Apa ndiye sindinavutike, ndi chimodzimodzi kukwecha mphika wopserera. Chakuda chija chinachoka, mkuwa unatuluka wofiirira, wowala. Ndinawaonetsa. Anatembenuza dzanja, kutanthauza mbali inayo. Ndinapala mbali zonse.

A Mulenga anabweretsa mbaula pafupi ndi chitseko, n'kuyamba kukupiza ndi chikatoni mwamphamvu, a Daka akudandaula kuti moto ungayatse dizilo.

"Pang'onopang'ono ambuya," ndinatero, "sitikuwamba nyani pano."

"Mwaona? Wangogwira chitsulo kamodzi, wayamba kale mwano!"

Ndinaika mutuwo pamakala, nsonga ili kunja kwa moto monga a Miti anandilozera. Usanafiire anandigunda paphewa kuti ndichotse. Ndinakumbuka kuti iwo ankauyandikiza kutsaya kuti amve kutentha, ndinachita chomwecho. Ndinapukuta phulusa ndi kansanza, n'kuviika nsonga mu utomoni. Kunatuluka utsi, ndi fungo lija la pakhonde pathu Loweruka, mpaka misozi inandibwera. Ndinagunditsa mtovu. Sunagubuduke. Unayenderera pansonga ponse n'kuiveka, inawala ngati supuni yatsopano.

"Mayo, wagwira!" anakuwa a Mulenga.

Koma ntchito inali isanathe. A Miti analoza kampeni, analoza mu injini. Ndinagwada pamene pamakhala mapazi a okwera, mutu m'kati, chitsulo cha injini chikundiwotcha mkono. Kachitsa kaja kanali kakuda ndi mafuta. Ndinakapala ndi nsonga ya mpeni mpaka kanawala, ndinapalanso waya, n'kupaka utomoni ponse pawiri. Pamene ndimamaliza, chowotcherera chinali chitazizira. Tinatenthetsanso. Ndinaveka waya mtovu pawokha, kachitsa pakokha, a Miti akuimba pamwamba pa mutu wanga, chala chawo chili paphewa langa, chikukanikiza ndikachedwa, chikukoka ndikafulumira. Mtovu unatsala kakang'ono ngati njere ya nyemba.

Tinatenthetsa komaliza. A Daka anagwira waya ndi pulayala kuugunditsa pa kachitsa. Mtima unkandiuza kuti ndisungunule mtovu pansonga n'kudontheza, monga anachitira iwo, koma nyimbo inati tenthetsa waya. Ndinakanikiza nsonga pamene ziwirizo zakumana, ndinadikira, n'kugunditsa kanjere kaja pa wayayo. Kanangoti nyo, kulowa kokha pakati pa timaulusi ta waya ngati mafuta pa ndiwo zamoto. Dontho lina linandigwera pachala, koma sindinasunthe.

Nditachotsa chowotcherera ndinatukula milomo kuti ndiuzire, monga tichitira ndi phala la mwana. Dzanja la a Miti linanditseka pakamwa.

"Usauzire, usagwedeze."

Tinadikira kuti mtovu uume, a Daka atauma ndi pulayala m'manja, thukuta likudontha pachibwano. Lole inadutsa, galimoto inagwedezeka, ine ndinatsinzina. Kenaka a Miti anaweramira kutsogolo, ife titawagwira, anakoka wayayo ndi zala zawo. Anakokanso mwamphamvu. Sunachoke.

A Daka anabwezera mpando, anakhala, anati tiyeni tipemphere, koma asanayambe n'komwe anali atapotokola kale kiyi. Injini inalira. Ine ndinaluluta m'phiri muja mpaka mayi wa makala anatulukira kudzaona. Tinamubwezera mbaula yake, ndinamupatsa nsinjiro zina za Enelesi, iye anatidzazira botolo la madzi.

Ndiyeno a Miti anatenga dzanja langa, anayang'ana chala chimene chinapsa, chitatupa kale, n'kuchiuzira. Pachala anauzira ndithu.

Za Rufunsa ndi Chongwe sindikumbuka zambiri. Pa bampu iliyonse ndinkagwira mpweya kudikira kuti injini izime, koma siinazime. A Mulenga anatsika polowa m'tauni, anagwira a Miti dzanja n'kuti, "Ambuya, manda aja ndayamba ndaimika. Mukachire." Sitinatengane ngakhale nambala. Ngati alipo amene amawadziwa, awauze kuti odya mbewa aja akuthokoza. Enelesi tinamupeza akudikira pamsewu, maso atatupa, poti tsiku lonse mafoni athu sankalowa.

Lachinayi m'mawa tinali pakhomo pa dokotala. Anawapima, anasintha mankhwala, ndipo za dzanja sanatinamize, anati mwina silidzabwerera. Atafunsa ngati amalankhula, Enelesi anati ayi, liwu limodzi lokha. Ine ndinati, "Adokotala, kulankhula salankhula, koma dzulo aimba." Anaika cholembera pansi, anati aimbenso. A Miti anaimba ya nsonga ija, m'chipinda cha dokotala, Enelesi atagwira pakamwa akulira. Dokotala anati zimachitika, nthawi zina mawu akatsekeka njira yolankhula amatulukira njira ya nyimbo, ndipo anatitumiza kwa mayi wina amene amaphunzitsa odwala otere kuyambira pomwepo. Anatiphunzitsa zoti tizikachita kunyumba.

Tinabwerera ndi a Daka omwewo, waya uja osaukhudzanso.

Lero tili kuno ku Madzimoyo. Madzi amapempha moimba, bulangeti moimba. Zina zimatuluka, zina zimakanirira, ndipo masiku ena amabwerera ku chabwino yekhayekha mpaka tonse kutopa. Tebulo lawo ndinalitulutsa pakhonde. Anthu ayamba kubweretsa timatochi ndi mawaya a sola oduka, iwo amayang'ana n'kuloza, ine ndimagwira chowotcherera. Wailesi ya Mayi Jere tinailephera, ili pomwepo mpaka lero.

Dzulo ndikupala nsonga ndinamva akuyesa kanyimbo kena kachilendo, mobwerezabwereza, kosamveka. Ndinasiya tupa kuti ndimvetsere. Linali dzina langa la kwathu, limene anandiitana nalo tsiku loyamba pa chitsime: Nasakala. Linatuluka lopotoka, koma ndinavomera.

Inu amene mwawerenga, mukamagwada mutikumbukire ife a banja la Miti: Enelesi amene wasenza zambiri ali yekha ku Lusaka, ine kuti ndisatope ndi kupsa mtima, ndi atate a Enelesi, kuti mawu amene akali otsekeredwa m'kati apeze potulukira.